Anabwera kudzacheza ndi ana za ulumali kusukulu kwa mwana wanga, mmene ndinazionera ine

Amayi anzanga angapo akhala akundifunsa kuti gulu lija la anthu aulumali linabwera kusukulu kwathu mwezi wathawu linayenda bwanji, kodi ndalama tinasonkha zija zinagwira ntchito kapena tinangotaya, ndiye ndati mmalo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la sukulu ndi la gululo sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaulepo ndipo sindikufuna zioneke ngati ndikunyoza anthu oti anatichitira zabwino. Ingodziwani kuti ndi kasukulu ka pulaiveti kuno ku Area 23 mu Lilongwe, kuyambira nasale mpaka sitandade 8, ndipo ine ndili mu komiti ya makolo.

Ndiyambe ndi chomwe chinachititsa kuti nkhaniyi ndiigwire ndi manja awiri. Mnyamata wanga ali sitandade 3, zaka 8. Mkalasi mwawo muli kamtsikana kena koti mwendo wake umodzi ndi wofooka, kamayenda ndi ndodo imodzi kukhwapa. Tsiku lina madam ake anandiimbira foni kuti mayi mukamabwera kudzatenga mwana mundione kaye, ndiye nditafika anandiuza kuti pa buleki mwana wanga ndi amene amatsogolera anzake kuyeserera kayendedwe ka mtsikanayo, amatola kamtengo nkumatsimphina kumbuyo kwake ena akuseka. Mtima unandipweteka kwambiri, ndinayenda kuchokera kusukulu mpaka kunyumba osamulankhula. Madzulo nditamufunsa anangoti mami timangoseweratu, ndipo maso akewo mumaoneka kuti sakuona cholakwa chilichonse. Ndinamukalipira inde koma usiku nditagona ndinayamba kukumbuka kuti ine ndemwe ndimanena mnyumba muno kuti tanyamula bwino ndowayo, ukuchita ngati wopunduka bwanji, agogo ake akaona munthu wa khungu la chialubino pamsewu amamukokera mwana kumbali, ndiye mwanayo anakazitenga kuti zimenezi ngati si kwa ife tomwe. Kukalipa kwanga kuja kunangomuphunzitsa kuti asamachite madam akuona basi.

Ndiye pamene a hedi anabweretsa ku komiti nkhani yoti pali anthu ena aulumali omwe amayenda msukulu za muno mu Lilongwe kucheza ndi ana, ine ndinali woyamba kuvomera. Ena anakana poyamba, amati fizi yakwera kale ndiye tiwauzenso makolo asonkhe zoti ana akamvere nkhani? Koma titafunsa tinapeza kuti anthuwo satchaja ndalama yoti nkudabwa nayo, amangofuna thiransipoti, chakudya chamasana ndi kangachepe kothokoza. Thiransipotiyo ndi imene inakwererako chifukwa anati tiwapezere takisi osati minibasi, ndipo mtsogoleri wawo anafotokoza mosabisa kuti iye akaima pa siteji ndi njinga yake ya olumala minibasi zambiri zimangodutsa, ikaima ina kondakitala amati njingayo ilipire ngati katundu. Titagawa pa mwana aliyense inali ndalama yochepa kuposa ya kamba wa pa buleki wa masiku awiri, ndiye zinatheka.

Anabwera atatu. Abambo ena a zaka za mma 40 oyenda pa njinga, amenewa ndiye mtsogoleri, mchemwali wina wa khungu la chialubino, ndi mnyamata wina wosaona woti wangomaliza kumene koleji. Tinagwirizana 9 koloko koma anafika 10 itadutsa, ana anali atakhalitsidwa kale pabwalo la asembule dzuwa lili phwee. Pamenepa sindikuwaimba mlandu kwambiri chifukwa takisiyo tinapeza ndife ndipo inachita kuwazungulira mmodzimmodzi, wina ku Area 25 wina ku Chinsapo, amene mumaudziwa mzinda uno mukudziwa kuti imeneyo ndi mitunda.

Koma zomwe zinachitika asanayambe nkomwe kulankhula ndi zimene ine sindidzaiwala. Sukulu inakonza tebulo ndi mipando pakhonde la ofesi ya a hedi, nsalu yoyala bwinobwino ndi maluwa, koma kuti ufike pakhondepo pali masitepe atatu. Palibe mmodzi mwa ife, ngakhale ine wa mu komiti, anaganizako kuti mlendo wathu akwera bwanji. Aphunzitsi aamuna awiri anathamanga kuti awanyamule ndi njinga yomwe, iwo anakweza dzanja mwaulemu nkuti ayi aphunzitsi musavutike, musandinyamule, tsitsani tebulolo tichezere pansi pompano pomwe pali anawa. Ana onse anaona zimenezo. Kenako mchemwali uja anayang'ana pomwe ana akhala nkuti pepani a hedi, ine padzuwa apa sindingaime ola lathunthu, khungu langa lipsa, kodi tingasunthire pansi pa mtengo uwo? Ndiye sukulu yonse inanyamuka kupita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Ine ndinachita manyazi koma ndinaonanso kuti phunziro layamba kale, ana aona ndi maso kuti chomwe chinawaletsa abambo aja kufika pakhonde ndi masitepe omwe tinamanga ife.

Abambo aja sanayambe ndi kulalikira ayi. Anangoti ana inu ndikudziwa kuti chifikireni mwakhala mukuyang'ana miyendo yangayi, ndiye funsani chilichonse, palibe amene akwapulidwe. Poyamba kunali zii, kenako kamwana ka sitandade 1 kanaimika mkono nkuti ankolo, mumagona pa njingapo? Ana anaseka, madam wina anayamba kukaletsa kuti iwe khala chete, iwo anati ayi madam musiyeni, limenelo ndi funso labwino. Anafotokoza mmene amatsikira pa njinga kupita pabedi ndi mphamvu ya mikono, anaonetsa mmene amaipindira, mmene amamangira mabuleki, mpaka anauza anyamata awiri a sitandade 5 kuti ayese kuikankha pa mchenga aone kulemera kwake. Mafunso anangoti mbwee, mumasamba bwanji, muli ndi ana, njingayo munagula kuti, ndani anakulodzani. Funso la kulodzali analitenga mofatsa kwambiri. Anati palibe anandilodza, ndinabadwa bwinobwino ndikuyenda ngati inu, ndili wamng'ono ndinadwala poliyo, ndi kachilombo kolowa mthupi kudzera mmadzi kapena chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi, ndipo kakafika mmitsempha miyendo imafooka osabwereranso. Kenako anafunsa kuti ndani akukumbuka anthu azaumoyo atabwera kunyumba kudzakudonthezerani mankhwala mkamwa nkukupakani inki pachala? Mikono yambiri inakwera. Anati eya, chaka cha 2022 kunapezeka mwana wa poliyo muno mu Lilongwe momwemuno, nchifukwa chake anayenda khomo ndi khomo, madontho awiri aja ndi amene ine sindinalandire. Ine ndemwe ndimakumbuka kuti nthawi imeneyo pamalo pathu panali amayi ena omwe amabisa ana mnyumba, ndipo ndinalakalaka akanakhalapo tsiku limeneli.

Amene anandigwira mtima kwambiri ndi mchemwali uja. Anaimirira atavala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali nkufunsa kuti ana inu, anthu ngati ine mumawatchula kuti chani kwanu? Ana alibe chinyengo, anangoyamba kukuwa, napweri, mzungu dala, wina kumbuyo anati amati ndinu ndalama. Aphunzitsi anazizidwa, ine ndinagwira pakamwa. Iye sanakwiye, anangoti mayina onsewo ndinawamva kuyambira ndili ngati inu ndipo lililonse limapweteka, ine dzina ndili nalo lomwe anandipatsa amayi anga, mukafuna kunena za khungu langa muziti munthu wa khungu la chialubino. Za ndalamazo anayankha mwachidule koma mosazungulira, anati mthupi mwanga mulibe golide, mulibe chuma, muli magazi ndi mafupa ngati mwanu, amene amanena zimenezo ndi abodza ndipo bodza limenelo lapwetekesa anthu ambiri mdziko muno, mukamva wamkulu akunena choncho mukauze aphunzitsi kapena makolo. Anasiyira pomwepo. Ife akuluakulu tikudziwa zoopsa zomwe zakhala zikuchitikira abale athuwa makamaka kuyambira cha mma 2014, koma iye anadziwa kuti pali ana a nasale ndipo sanafune kuwapatsa maloto oipa, pamenepa ndinaona kuti ntchitoyi amaidziwa.

Anafotokoza kuti mthupi mwa munthu aliyense muli ngati utoto womwe umadetsa khungu, tsitsi ndi maso, iye thupi lake silipanga utotowo mokwanira, ndipo zimenezi mwana amatengera kwa makolo onse awiri, bambo ndi mayi, ngakhale onsewo atakhala akuda bii. Apa ndinaona madam wina akugwedeza mutu, chifukwa tonse tikudziwa mabanja omwe anatha bambo atathawa kuti mwanayu si wanga. Ananenanso za amayi oyembekezera omwe amati akakumana naye amalavulira malovu pachifuwa kuti asabereke mwana wotere, anati malovu sasintha kanthu ndipo sizipatsirana. Kenako anatambasula mkono nkuti amene akufuna abwere andigwire aone ngati ayere. Anayamba ndi mmodzi mwamantha, kenako mzere unafika mpaka ku mpanda, wanga anali momwemo, atagwira anayang'ana chikhatho chake kaye asanabwerere pokhala. Anawaonetsa kabotolo ka mafuta oteteza ku dzuwa omwe amadzola tsiku ndi tsiku, anati mdani wake wamkulu ndi dzuwa chifukwa limabweretsa zilonda mpaka khansa ya pakhungu, komanso maso ake saona patali ndiye ali kusukulu amachita kuimirira kupita pafupi ndi bolodi kuti akopere manotsi, anzake nkumamukuwiza kuti watitchinga. Kwa aphunzitsi anati mukakhala ndi mwana wotere muikeni kutsogolo, lembani zilembo zazikulu, muloleni avale chipewa ngakhale si yunifolomu. Anatchula kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 134,636 a khungu la chialubino mMalawi muno, ndipo anawauza ana za a Overstone Kondowe omwe mu 2021 anasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota, woyamba wa khungu la chialubino kulowa mu Nyumba ya Malamulo. Mtsikana wina wa sitandade 7 anafunsa kuti anti ndiye anawavotera ndi anthu akuda? Iye anati eya, anthu ngati makolo anu.

Mnyamata wosaona uja ndiye anawasangalatsa ana kwambiri. Anatulutsa kachipangizo kolembera zilembo za Braille, zomwe osaona amawerenga ndi zala, ndi kachitsulo kobayira, nkuyamba kufunsa mayina a ana ndikuwalembera pa timapepala tolimba. Anawauza kuti chilembo chilichonse chimachokera pa timadontho 6 basi, kusiyana kwake ndi toti tatukuka ndi titi, ndipo polemba amayambira kumanja kupita kumanzere chifukwa akamaliza amatembenuza pepala kuti awerenge ndi chala mbali yomwe madontho atukukira. Anati anayambitsa zimenezi ndi Louis Braille wa ku France yemwe anavulala diso ali ndi zaka 3 mpaka anasiya kuona, ndipo njirayi anaikonza ali mnyamata wa zaka 15, ana a sitandade 8 anayang'anizana chifukwa ndi msinkhu wawo womwewo. Iye anati anaphunzira ku Malingunde komwe kuli malo ophunzitsira ana osaona. Anaonetsa foni yake yomwe imamuwerengera mauthenga mokweza, ndiye anaphunzitsa zinthu zing'onozing'ono zomwe ine ndemwe sindimazidziwa, kuti ukafuna kumuthandiza munthu wosaona usamugwire ndodo yake yoyera nkumamukoka, uyambe wamufunsa, akalola iyeyo ndi amene agwire chigongono chako iwe uli patsogolo pang'ono, ukafika pa ngalande unene, ukamamupatsa moni utchule dzina lako osati kumufunsa kuti tandiuzeni ndine ndani, ndipo ukamachoka umuuze asatsale akulankhula yekha. Anatchulanso Taonere Banda, mtsikana wovutika kuona yemwe anathamanga mamita 400 ku Rio mu 2016, Mmalawi woyamba kupita ku masewero a Paralympics, omwe ndi mpikisano wa dziko lonse lapansi wa anthu aulumali. Kapepala ka dzina lake mwana wanga anakaika mu Baibulo langa mpaka lero kali momwemo.

Tsopano gawo la kupirira ndi kulimbikira, lomwe pa kalata yawo ndi lomwe analilemba ndi zilembo zazikulu. Apa maganizo anga ndi awiri. Abambo aja anafotokoza mbiri yawo, kuti kumudzi kwawo sukulu inali kutali ndipo amayi awo amawabereka kumbuyo mmawa uliwonse mpaka atakula moti miyendo imakhudza pansi, kuti kuchimbudzi cha kusukulu amalowa chokwawa atavala masilipasi mmanja ndiye masiku ambiri amangosala kumwa madzi kuti asafune kupitako, kuti anabwereza kalasi kawiri chifukwa nthawi ya dzinja njira imakhala matope okhaokha. Pansi pa mtengo paja panali chete woti ukanamva tsamba likugwa. Chomwe ndinakonda nchoti sananene kuti ndinachita ndekha. Anati ine ndinapirira inde koma pakanapanda msana wa amayi anga, pakanapanda mnzanga wina amene amandikankha pa wilibala ya abambo ake, pakanapanda mphunzitsi amene anasamutsa kalasi yathu kupita mchipinda chopanda sitepe, bwenzi lero ndili pa khonde kumudzi. Ndiye anawafunsa ana kuti inu mukufuna kukhala uti, wa wilibala uja kapena oseka aja? Anatchulanso malemu mayi Rachel Kachaje, omwe nawonso anadwala poliyo ali mwana nkumayenda pa njinga, koma anafika pokhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba mu 2013. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino kwambiri.

Koma pomaliza ananena mawu omwe ine sanandikhale bwino. Anati ngati ine wopanda miyendo ndinafika pomwe ndilipa, inu a miyendo iwiri mukulephera chani, mulibe chowiringula. Aphunzitsi anaomba mmanja kwambiri, ana anakuwa kuti ulumali si kulephera kangapo konse. Ndikumvetsa chomwe amafuna kunena ndipo ndi moyo wawo ali ndi ufulu kuufotokoza mmene akufunira, koma ine ndimaganiza za ana awiri atatu omwe ndikuwadziwa pasukulupo oti miyendo ali nayo koma kuwerenga kumawavuta chibadwire, amayesetsa mpaka kulira koma zilembo sizikhala mmutu, amenewo anamva kuti ndi aulesi basi. Komanso mawu amenewo amamveka ngati munthu waulumali ndi muyeso wa pansi penipeni, woti iwe ukalephera kumuposa ndiye wachititsa manyazi, chomwe chikutsutsana ndi zonse zomwe anaphunzitsa mmawa wonse.

Chomwe chinandipweteka zedi ndi ichi. Chakumapeto mphunzitsi wina mwa chisangalalo anakuwa kuti ifenso tili naye mwana wotere pano, nkumuitana mtsikana wa mkalasi mwa mwana wanga uja kuti abwere kutsogolo. Mwanayo sanafunsidwe, amayi ake sanauzidwe. Anadzuka ndi ndodo yake sukulu yonse ikumuyang'ana mwendo, anafika kutsogolo nkungozyolika, akumufunsa kuti ukufuna udzakhale ndani iye osayankha, misozi ili mbwembwembwe. Alendowo mmalo moti aimitse anapitiriza nkuuza ana kuti amuombere mmanja. Mchemwali uja yekha ndi amene anazindikira, anamugwira paphewa nkupita naye kukakhala pambali. Mlandu waukulu ndi wa sukulu koma anthu oti amayenda msukulu zambiri amayenera kudziwa kuti zoterezi zimachitika ndipo akanachenjeza a hedi asanayambe. Madzulo ake ndinapita kwa amake mwanayo, amagulitsa tomato ndi masamba pafupi ndi pathu, ndinawapepesa ziwiri, za tsikulo komanso za mwana wanga zija. Anandiyankha kuti asisi, mwana wangayu chomwe amafuna nchoti tsiku limodzi lokha lidutse popanda munthu kunena za mwendo wake. Mawu amenewo ndinakawanena ku komiti momwe analili, ndipo mtsogoleri wa gulu uja nditamuimbira anavomera kuti analakwitsa, sanadzikanire ayi, anati kuyambira pano azinena pachiyambi kuti mwana aliyense asaitanidwe kutsogolo pokhapokha atafuna yekha. Zimenezi zinandipatsa ulemu pa iwo.

Zina zodandaulitsa ndi zazing'onopo. Kuphatikiza ana a nasale ndi a sitandade 8 malo amodzi kwa maola awiri sikunathandize, tiana tating'ono titadutsa mphindi 30 tinayamba kulira ndi kugona, pomwe akuluakulu anali ndi mafunso ena omwe amachita nawo manyazi pamaso pa tiana. Sipika yawo inatha moto pakatikati ndipo magetsi kunalibe ndiye akumbuyo samamva bwino. Panalibe munthu wosamva kapena wodziwa chinenero chamanja, chonsecho ana akanakonda kuphunzira ngakhale moni ndi zikomo ndi manja, ndipo mawu oti gonthi ana amatukwanirana tsiku ndi tsiku. Za khunyu sanakonzekere kunenapo, zinangotuluka chifukwa madam wina anafunsa, mwamwayi abambo aja anayankha bwino, kuti sapatsirana ngakhale wodwalayo ataphwisa kapena kutuluka thovu, kuti munthu akagwa musamuike supuni mkamwa kapena kumupanikiza, mungochotsa zinthu zoti zingamuvulaze, kumuteteza mutu, kumusuntha ngati ali pafupi ndi moto kapena madzi, akasiya kuphupha kumugoneka chammbali, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Mfundo zofunika chonchi siziyenera kudikira kuti wina afunse. Ndipo atapita sanasiye kanthu mmanja mwa aphunzitsi, ngakhale kapepala kamodzi koti azikumbutsira ana. Aphunzitsi odziwa za ana aulumali amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu koma pasukulu pathu palibe ngakhale mmodzi, ndiye madam wa sitandade 3 amangochita mmene mtima wake wamuuzira. Kalembera yemweuja wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita mtsogolo, opitirira pang'ono 10 pa 100 aliwonse ali ndi ulumali wa mtundu wina wake, ndiye si nkhani ya mwana mmodzi wa ndodo ayi, mmakalasimo muli ena osaona bwino bolodi, ena osamva bwino, omwe timangowati ndi opusa kapena amwano.

Ndikanati ndipereke malikisi ndikanapereka 7 pa 10, ndipo amene mukufunsa ngati muwaitane kusukulu kwanu ndikuti aitaneni, ndalama yake siyopweteka ndipo zomwe anthuwa amachita ife makolo ndi aphunzitsi sitingazithe, chifukwa mwana kumuuza kuti usaseke olumala ndi zina, kugwira yekha mkono wa munthu nkuona kuti sanayere ndi zinanso. Koma khalani nawo pansi kusanafike tsikulo, agaweni ana pawiri, ang'ono mphindi zochepa akulu nthawi yotalikirapo, yendani pasukulupo muone pomwe njinga ingadutse ndi pomwe pali mthunzi, afunseni ngati angabwere ndi wa chinenero chamanja, ndipo makolo a ana aulumali muwauze okha pamaso kuti kukubwera zotere, asankhe okha ngati mwana wawo akhalepo. Ngati nkotheka itananinso makolo ena, tsiku lija tinalipo anayi okha chonsecho zonyozazo zimachokera kumakomo kwathu.

Kunyumba kwathu zinayenda chonchi. Tsiku lomwelo mwana wanga anadya nsima atatsinzina kuti aone mmene ankolo aja amadyera, kenako anawauza agogo ake maso ndi maso kuti agogo sizipatsirana, ine ndawagwira anti aja onani dzanja langa. Agogo akewo sanayankhe koma anamva. Mawa lake akuti anapita kukalanda chikwama cha mtsikana uja kuti amunyamulire, mtsikanayo anakana nkumuuza kuti ndimatha ndekha. Anabwera atakhumudwa kuti mami ndimafuna kumuthandiza koma wandikana. Ndinamukumbutsa za masitepe aja, kuti abambo aja anakana kunyamulidwa, ndiye uziyamba wafunsa ndipo akakana usakwiye. Ndinamufunsanso ngati anapepesa za kamtengo kaja, anati ayi, ndinati yambira pamenepo. Zinamutengera masiku atatu. Pano madam akuti pa buleki mtsikanayo amasewera fulaye ndi anzake, iye amakhala woponya chifukwa mikono yake ndi yamphamvu, ndodo ija yamulimbitsa, ndipo timagulu timachita kumulimbirana. Sikuti zonse zatheratu ayi, patangotha masabata awiri anyamata ena a sitandade 6 anamvekanso akumutchula dzina loipa, kusiyana kwake nkoti ulendo uno ana a mkalasi mwake ndi amene anakanena okha kwa madam.

Masitepe atatu aja akadalipo, ndipo pakhomo la chimbudzi cha atsikana pali sitepe ina yaitali yoti mtsikana uja amachita kukhala pansi kaye kuti akwere, zimenezi ndazidziwa mwezi uno amake atandiuza. Dziko lino lili ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, lomwe linasinthanso bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA, koma pakhomo la chimbudzi chija palibe chasintha. Bambo wina mu komiti mwathu ndi mmisiri womanga, wayeza kale ndipo akuti matumba atatu a simenti ndi mchenga pang'ono zikwana kupanga potsetsereka pa chimbudzi ndi pa kalasi ya sitandade 3, ntchito agwira ulere. Eni sukulu akuti tidikire teremu ya mawa fizi ikalowa. Ine ndawauza kuti mwanayo kuchimbudzi akupita teremu ino, ndiye Loweruka likubwerali tikukumananso 2 koloko ndipo thumba limodzi ndanena kale kuti ndigula ine.